Zala zikamauma m'mawa uliwonse osangoti ndi kuzizira

Mayi anga aang'ono anayamba ndi kulephera kufinya zovala akachapa. Kenako akadzuka m'mawa zala zimakhala gwaa, chitenje mpaka aitane mwana adzawamange, koma ikamati 10 koloko manja amamasuka nde tonse timangoti aaa kuzizira kumeneko, imwani brufen. Anamwa brufen ndi indosidi wapagolosale mpaka kutopa, mphini anatemeranso, pomwe timafika kuchipatala chachikulu zala zinali zitayamba kale kupindika. Ndipo zikapindika sizibwereranso.

Nyamakazi ilipo yamitundumitundu. Imene inawagwira mayi anga aang'onoyi madokotala amaitchula kuti rheumatoid arthritis ndipo si ya agogo okha ayi, imagwira ngakhale munthu wa zaka 30. Chitetezo cha m'thupi chimasokonekera nkuyamba kulimbana ndi mfundo (molumikizirana mafupa) za thupi lako lomwe, pang'onopang'ono mafupa amadyeka. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mu 2019 anthu 18 miliyoni padziko lonse anali nayo, ndipo 70 mwa 100 alionse anali azimayi.

Nde dziyang'anitsitseni. Kodi mfundo za zala, pamkono pomangira wotchi kapena zala zakuphazi zikutupa, mbali zonse ziwiri kumanja ndi kumanzere? Kuuma kwa m'mawa kukupitirira mphindi 30? Munthu akakupatsani moni nkukufinyani dzanja mumamva kuwawa mpaka kufuna kukuwa? Kuphatikizapo kutopa kosadziwika bwino. Zikatha masabata angapo osasintha, nyamukani, chifukwa miyezi 3 yoyambirira ndi imene mankhwala amathandiza kwambiri mfundo zisanaonongeke.

Musanapite jambulani kutupako pafoni m'mawa, poti mukamafika kwa adokotala mutakhala pamzere mpaka masana dzanja limaoneka bwinobwino ngati mukunama. Tengani buku lanu lakuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, azitsamba omwe, osabisa. Ndipo osangoti "thupi lonse likuphwanya", mungoyezedwa malungo nkubwerako ndi panado. Nenani kuti mfundo izi ndi izi zikutupa, zinayamba mwezi wakuti, m'mawa zimauma kwa nthawi yakuti. Kuchipatala chaching'ono sangathe kuyeza zonse, pemphani akulembereni kalata yopita chaboma chachikulu, mwina mpaka ku Queens, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu Central.

Kumeneko amatenga magazi kuona zizindikiro za matendawa monga rheumatoid factor, ESR kapena CRP, pena anti-CCP ngati labu ili nayo, komanso X-ray ya manja ndi mapazi. Koma dziwani kuti ena magazi amatuluka bwinobwino matenda alipo ndithu, nde ngati kutupa kukupitirira bwereraninso, musachite manyazi kuti ndikuwatopetsa.

Brufen ndi diclofenac amangoziziritsa ululu basi, matendawo amapitirira kudya mfundo, komanso kumwa tsiku ndi tsiku kumabweretsa zilonda zam'mimba ndi kuononga impso. Mankhwala enieni amene nthawi zambiri amayambira ndi methotrexate, ena amaonjezera hydroxychloroquine kapena sulfasalazine. Apa tcherani khutu: methotrexate amamwa KAMODZI pa sabata, osati tsiku lililonse, sankhani tsiku limodzi mulembe pakalenda, ndipo amapita limodzi ndi folic acid. Mowa siyani, fodya nayenso amakulitsa matendawa. Ngati muli oyembekezera kapena mukufuna mwana nenani asanakulembereni methotrexate chifukwa amaononga mwana m'mimba. Amene mumamwa bactrim, makamaka anzathu a ma ARV, uzani adokotala, bactrim ndi methotrexate akaphatikizana amagwetsa magazi moopsa.

Musayembekeze kuti mawa lake muvina, methotrexate amatenga masabata 6 mpaka 12 kuti mumve kusintha, nchifukwa chake pena amakupatsani mankhwala ochepetsa kutupa a prednisolone kwa kanthawi kochepa. Tsiku lokayezetsa magazi ndi chiwindi osaliphonya, ndipo mukaona zilonda mkamwa, kutentha thupi kapena chifuwa chobanika, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo musanamwenso methotrexate.