Quad kapena njinga ya m'tchire ikakana kulira: tsatani moto pamzere wake

Injini zambiri za ma quad (njinga zamoto za matayala anayi) ang'onoang'ono ndi njinga zamoto zoyenda m'tchire, makamaka za 50cc mpaka 125cc, zimayatsa petulo kudzera mu CDI, kabokosi kamagetsi komwe kamalamula nthawi yotulutsa moto pa pulagi. Zikakana kulira, anthu amathamangira kugula CDI yatsopano, chonsecho nthawi zambiri kabokosiko kalibe mlandu.

Njira ya moto ili chonchi. Magineto (gudumu lachitsulo lozungulira ndi injini) akamazungulira, maginito a m'kati mwake amadutsa pa makoyilo osazungulira opanga magetsi, otchedwa stator, ndipo koyilo imodzi imatumiza magetsi ku CDI, kumene amasungidwa mu kachida kosunga magetsi kotchedwa capacitor mpaka kukwana mavolti mazana angapo. Kunja kwa magineto kuli kachitsulo kotukuka. Kakadutsa pa kakoyilo ka pickup, CDI imadziwa kuti pisitoni yatsala pang'ono kufika pamwamba, n'kutulutsa magetsi onsewo nthawi imodzi kupita ku koyilo ya pulagi. Koyiloyo imawakweza kufika mavolti zikwi zambiri, moto n'kulumpha pakamwa pa pulagi.

Musanayeze kanthu, dziwani mtundu wa CDI yanu. Ya AC imadya magetsi a stator, choncho injini imalira ndi kiki ngakhale batire itafa. Ya DC imadalira 12V ya batire. Kunja zimatha kufanana, koma mukasinthanitsa moto simuuona, mwinanso kabokosiko kamapsa.

Pa injini zotengera kapangidwe ka Honda, CDI ya AC ya mapini 5 imakhala ndi mawaya awa: wakuda ndi wofiira ndi wochokera ku stator, wa buluu ndi woyera ndi wa pickup, wakuda ndi wachikasu umapita ku koyilo ya pulagi, wobiriwira ndi wa earth (womangidwa pa chitsulo cha chimango), wakuda ndi woyera ndi wozimitsira injini. Makampani ena amasintha mitunduyi, ndiye tsatani waya ndi dzanja kufika komwe ukuthera.

Yambani ndi pulagi. Imasuleni, ibwezeni m'kapu yake, igundanitseni ndi chitsulo cha injini kutali ndi bowo la pulagi, n'kumenya kiki. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umathetheka. Wofiirira, wofooka, umatha kuoneka panja koma n'kulephera m'kati mwa silinda momwe mpweya ndi wopanikizika. Mpata wa pakamwa pa pulagi ngati NGK C7HSA ukhale 0.6 mpaka 0.7 mm.

Ngati moto palibiretu, chotsani waya wakuda ndi woyera pa CDI n'kuyesanso. Apa ndiye pamene vuto limabisala kawirikawiri. Waya umenewu umazimitsa injini ukagundana ndi earth, ndipo umadutsa pa kiyi, pa swichi ya pachiwongolero, komanso pa ma quad a ana umafika pa kachingwe kokokera kumbuyo ndi pa kabokosi ka rimoti. Matope kapena madzi akalowa mu chimodzi mwa zimenezi, injini imakhala ngati yazimitsidwa. Moto ukabwera waya utachotsedwa, sakani swichi yolakwayo. Kumbukirani kuti injini ikalira choncho kiyi sangaizimitse.

Moto ukapanda kubwera, tengani multimeter, chida choyezera magetsi. Pakati pa waya wakuda ndi wofiira ndi earth, koyilo ya stator imaonetsa ma ohm mazana angapo, ndipo pomenya kiki imatulutsa mavolti makumi angapo a AC. Pickup imakhala pafupifupi ma ohm 100 mpaka 200. Kapu ya pulagi yokhala ndi resistor imaonetsa pafupifupi ma ohm 5,000. Kuwerenga 0 ndiye kuti mawaya agundana m'kati, kusawerenga kanthu ndiye aduka. Palani dzimbiri pomwe waya wobiriwira wamangidwa pa chimango, chifukwa earth yofooka imanamizira zida zabwinobwino.

Moto ulipo koma injini ikungophulika kapena kubweza kiki? Onani kachitsulo kolumikiza magineto ndi crankshaft, chitsulo chomwe pisitoni imazunguza. Kakameteka, magineto amasuntha ndipo moto umabwera nthawi yolakwika.

Mbali ya batire ndi yachidule. Yodzadza imawerenga pafupifupi 12.6V, ndipo injini ikamathamanga ifike 13.5 mpaka 14.5V. Ikapitirira 15V, regulator, chida choletsa magetsi kupyola muyezo, yafa ndipo mababu ayamba kupsa. Sitata ikangoti tche osazungulira, onani batire, mabawuti ake ndi solenoid, swichi yopatsira sitata magetsi a batire. Ikakhala chete zii, onani fyuzi, ndipo gwirani buleki, popeza ma quad ambiri salola sitata buleki isanagwidwe.

CDI yokha siyezeka bwino ndi multimeter. Stator, pickup, earth ndi koyilo zikakhala bwino, bwerekani CDI ina ya mtundu womwewo yomwe ikugwira ntchito, muyese nayo musanagule.