Kasitadi wa magalagadeya wokhala ndi shuga wowotcha pamwamba: mmene ndimapangira kuno ku Zomba

Amene anakwerapo msewu wa Ku Chawe, wa paphiri la Zomba, akuwadziwa anyamata aja othamangira galimoto atanyamula timbale ta sitiroberi ndi milu ya magalagadeya. Ine ndimawaimira chifukwa cha magalagadeyawo, poti ndi amene ndimapangira kasitadi wa chikhokho cha shuga pamwamba, amene Afalansa amamutcha crème brûlée. Dzinalo lisakuopseni. Ndi mazira, kirimu (mafuta oyengula pamwamba pa mkaka) ndi shuga basi. Ku France anamulemba m'buku la zophikaphika mu 1691, magetsi kulibe, ndipo shugayo ankamuwotcha ndi chitsulo chochotsa pamoto. Ndiye ngati muli ndi mbaula, zida zakwana.

Pogula musakopeke ndi osalala onyezimira. Galagadeya labwino ndi lokwinyika khungu koma lolemera m'manja. Muuzeni mnyamatayo akhuthule mulu wonse muone, chifukwa ena amayala abwino pamwamba, pansi n'kubisa opepuka, zikhungwa zokhazokha. Kumtundako mtengo ndi wa alendo, mukapanda kunenerera mulira. Mu msika waukulu wa m'tauni mtengo umatsikako.

Pa makapu 6 a tiyi, okhuthala aja osati apulasitiki, pamafunika magalagadeya 10, kirimu 500 ml, zachikasu za mazira 6 ndi masupuni 5 akuluakulu a shuga. Kirimu kuno amasowa, ndipo akapezeka mtengo wake umachita kubaya. Nthawi zambiri ndimatuma wopita ku Blantyre. Zikavuta ndimatenga mkaka wa ng'ombe wamafuta ake onse n'kukweza mazira kufika 8. Koma chenjerani ndi ena oyenda ndi zigubu panjinga: wina anandigulitsa mkaka wobatiza, moti ukauthira m'galasi umaona chala kuseri. Woterowo kasitadi sagwira ngakhale mupemphere.

Dulani magalagadeya, kokotani zam'kati, sefani pa sefa mukukanikiza ndi supuni. Nthanga zingapo sungani.

Tsopano tcherani khutu, chifukwa apa ndi pamene ndinachita manyazi. Inali Khirisimasi, apongozi anga aakazi atabwera kuchokera ku Domasi, ine ndikufuna kuwaonetsa kuti mwana wawo sanaphonye. Mkaka ukuwira pamoto, ndinakhuthuliramo madzi onse a magalagadeya. Pomwepo unadukaduka ngati chambiko, zibuma kuyandama m'madzi achikasu. M'malo moti ndisiye, ndinatsanulira zonsezo pa mazira kamodzin'kamodzi, poganiza kuti zikonzeka mu uvuni. Zimene zinatuluka zinali mazira okazinga osambira m'madzi otsekemera. Amayiwo anadya masupuni awiri mwaulemu, n'kunena kuti, "Mwananga, phala la mazira limeneli n'lachilendo ndithu." Kenako anapempha tiyi.

Ndinalakwitsa pawiri. Magalagadeya ndi owawasa, ndipo chowawasa chikakumana ndi mkaka chimaudula, makamaka ukakhala wotentha. Chachiwirinso, chachikasu cha dzira chimayamba kulimba pa madigiri 65 mpaka 70, pamene mkaka wowira uli pafupi ndi 100. Mukachithira wowirawo mwadzidzidzi, chimapsa musanatakase n'komwe.

Ndiye chitani chonchi. Menyani zachikasuzo ndi shuga mpaka zitumbuluke, ndipo madzi a magalagadeya muwathire m'mazira momwemo, osati mu mkaka. Kirimu mutenthetse mpaka tithovu tiyambe kuoneka m'mbali mwa poto, asawire. Phulani, dikirani mphindi 5. Kenako thirani supuni imodzi m'mazira, takasani, ina, takasani, mpaka mbaleyo ifunde kunja mukaigwira. Apo mutha kutsanulira wotsalayo pang'onopang'ono, dzanja lina likutakasabe. Kirimu amapirira zowawasa kuposa mkaka chifukwa cha mafuta ake, choncho ngati mwagwiritsa mkaka wokha muudikire uzizire kwambiri, ufike poti chala chikhalamo osachithawitsa. Pomaliza sefaninso. Ngakhale mwachita bwino bwanji, pa sefa pamatsala timibulu, ndipo ndi bwino titsale pamenepo kusiyana ndi pa lilime la mlendo.

Mu Disembala mango a maboloma akachuluka, ndimaika tizidutswa tiwiri titatu pansi pa kapu iliyonse. Chinanazi cha ku Mulanje ndi papaya musaike zosaphika, zimawawitsa mkaka. Yambani mwaziphika ndi shuga pang'ono.

Thirani m'makapu, aikeni m'thireyi yakuya, thirani madzi otentha afike pakati pa makapuwo. Uvuni pa madigiri 150, mphindi 35 kapena 40. Magetsi akathima, monga mwa masiku onse, yalani kansalu pansi pa poto wamkulu, ikani makapu ndi madzi chimodzimodzi, kulungani chivundikiro ndi nsalu kuti nthunzi isadonthere m'kasitadi, makala akhale ochepa. Wapsa mukagwedeza kapu m'mbali muli nji, pakati pokha pakunjenjemera. Akazizira, mufiriji maola 4, kapena agone momwemo.

Za pamwambazi sizivuta. Pukutani chinyezi, wazani supuni imodzi yaing'ono ya shuga woyera, pendeketsani kapu afalikire paliponse. Wabulauni amathamangira kuda. Ikani supuni yachitsulo pa makala itenthe zedi, igwireni ndi nsalu, yendetsani kumsana kwake pa shugayo. Pamveka tswee, patuluka utsi, shuga n'kusanduka wofiirira ngati uchi. Tsukani supuni, pukutani, itenthetseninso pa kapu yotsatira. Tengani supuni yakale, chifukwa siidzayeranso.

Dikirani mphindi ziwiri chikhokho chilimbe, ikani nthanga zija pamwamba pake chakumbali, perekani nthawi yomweyo. Mukabwezera mufiriji shugayo amasungunuka. Zoyera za mazira zotsala zija ndimakazingira ana m'mawa ndi tomato ndi anyezi.