Kukonza pulojekita kuti mafilimu akale aoneke mmene anawajambulira

Tiyambe ndi chipinda abale, makina abwera pambuyo. Pulojekita siitha kuponya mtundu wakuda pakhoma, imangoponya kuwala basi, ndiye chakuda chilichonse chomwe mumaona mufilimu ndi mdima wa m'chipinda mwanumo. Mafilimu a black and white a m'ma 1940 aja amadalira kwambiri mthunzi, nkhope mbali ina ili bii mbali ina ili ngwee, nde mukangosiya kababu kamodzi kakuyaka kapena katani yopyapyala pawindo zonsezo zimasanduka mbuu ngati phulusa. Thimitsani zonse. Khoma ndi siling'i zikakhala zoyera zimabwezanso kuwala kusikilini komweko, ngati simungathe kupenta pachikani nsalu yakuda pamakoma a m'mbali pafupi ndi sikilini, kusintha kwake mukuona usiku womwewo.

Poika pulojekita yang'anani nambala yotchedwa throw ratio m'kabuku kake. Ichulukitseni ndi kutambalala kwa sikilini, yankho lake ndiye mtunda woti muikepo makinawo. Ikakhala 1.5 ndipo sikilini ndi ya mamita 2 kuchokera kumanzere kufika kumanja, ndiye kuti lens ikhale mamita 3 kuchokera pasikilini. Iyang'anizane ndi sikilini bwinobwino osapendekeka. Batani la keystone lija musalizolowere, limawongola chithunzi pochifinya ndi kutaya ma pixel ena, bola kusuntha tebulo kapena kugwiritsa ntchito lens shift, yomwe imasuntha lens yokha makina ali pomwepo, ngati yanu ili nayo.

Tsopano nkhani yomwe imandiwawa mtima kwambiri, kakulidwe ka chithunzi. Kuyambira 1932 mpaka kumayambiriro kwa m'ma 1950 mafilimu a ku Hollywood ankajambulidwa pa 1.37:1 (kutambalala kuyerekeza ndi msinkhu), chithunzi chotsala pang'ono kukhala sikweya, ndipo mapulogalamu akale a pa TV ali pa 4:3. Pulojekita zambiri za masiku ano ndi za 16:9. Ndiye mukaika filimu yakale pamatsala malo akuda kumanzere ndi kumanja, anthu ambiri amaona ngati chalakwika china chake nkuthamangira pa rimoti kudina Wide kapena Zoom. Chonde musatero. Wide imakoka anthu nkukhala onenepa, mawilo a galimoto ngati mazira, pomwe Zoom imadula mitu pamwamba ndi manja pansi, chonsecho wojambula uja anaika dala chilichonse pamalo pake. Sankhani Normal, Original kapena Auto nkusiya choncho.

Malo akudawo ngati akukusowetsani mtendere pali njira yake yosavuta. Sikilini ya mainchi 100 ya 16:9 imakhala pafupifupi masentimita 221 kutambalala ndi 125 msinkhu, filimu ya 1.37:1 imatenga masentimita 171 pakatipo, kutsala 25 mbali iliyonse. Dulani timatabwa tiwiri topyapyala kapena makatoni olimba a 25 kwa 125, kutani ndi nsalu ya velvet yakuda nkumakoleka m'mbalimo. Velvet imameza kuwala, m'mphepete mwa chithunzi mumakhala mwakuthwa ndipo maso amaona ngati chithunzi chawala kuposa kale ngakhale simunasinthe kanthu pamakina. Pa zonse zomwe ndinayesapo ichi ndi chomwe chinandisangalatsa koposa, ndikunenetsa.

Mu 1953 zinthu zinatembenuka. TV inali ikulanda anthu, makampani a mafilimu nkubweretsa chithunzi chotambalala, CinemaScope inayamba ndi The Robe chaka chimenecho. Mafilimu oterewa malo akuda amabwera pamwamba ndi pansi. Ben-Hur ya 1959 ndi ya 2.76:1, pasikilini ya mainchi 100 ija chithunzi chake chimangofika masentimita 80 msinkhu, ndipo ndi mmene iyenera kuonekera. Samalani ndi ma DVD akale olembedwa Full Screen, ngati filimuyo inali yotambalala ndiye kuti anadula m'mbali kuti idzaze TV yakale, anthu awiri akucheza inu nkumaona mmodzi.

Tilowe mu menu. Chokani pa Dynamic kapena Vivid mupite pa Cinema, Movie kapena Filmmaker Mode ngati ilipo. Kenako sakani chinthu chosalaza mayendedwe, mayina ake ndi ambiri, ena amati MEMC, ena Frame Interpolation, a Sony amati Motionflow, chithimitseni. Chiyambireni mafilimu a mawu kumapeto kwa m'ma 1920 filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, chinthuchi chimapeka zithunzi zina zongowonjezera pakatipo ndiye filimu imaoneka ngati yajambulidwa dzulo ndi foni. Noise reduction nayo ithimitseni. Timadontho tonyeng'enya ngati mchenga tomwe mumaona tija si dothi ayi, ndi grain, pa black and white ndi tizidutswa ta siliva tomwe tikupanga chithunzicho, mukatichotsa khungu la anthu limakhala ngati la pulasitiki ndipo ulusi wa jekete umasowa. Sharpness itsitseni mpaka mizere yoyera yozungulira nkhope ithe. Colour temperature ikhale pa 6500K kapena Warm, tsiku loyamba muona ngati pali chikasu koma pakapita masiku awiri simubwereranso ku buluu uja.

Brightness ndi contrast anthu amazisokoneza. Brightness imasintha zakuda, contrast imasintha zoyera. Imitsani filimu pamalo pomwe pali munthu wovala suti yakuda usiku, kwezani brightness mpaka makwinya a sutiyo aoneke, kenako tsitsani pang'onopang'ono nkuima asanasowe. Contrast chitani chimodzimodzi ndi shati yoyera kapena mitambo.

Kwa amene simunagule, mapulojekita a mtundu wa DLP a chip imodzi amasinthanitsa mitundu mothamanga, ndipo anthu ena amaona kung'anima kwa zofiira, zobiriwira ndi za buluu ngati utawaleza akatembenuza maso. Pa black and white ndi pamene zimaoneka kwambiri. Si onse amaziona, ndiye yesani kaye ndi maso anu komanso a omwe muzionera nawo, zikakuvutani pitani ku mitundu ina ya pulojekita, LCD kapena LCoS.

Za madisiki ndingodutsa. Blu-ray ndi ya mizere 1080, mu player tsegulani 24p kuti filimu iziyenda zithunzi 24 pa sekondi. DVD ya PAL, mtundu wa ku Ulaya ndi maiko ambiri a mu Africa, imayendetsa filimu pa zithunzi 25 pa sekondi, imathamanga ndi 4 peresenti, filimu ya maola awiri imatha kutatsala mphindi pafupifupi zisanu. Mapulogalamu a pa TV amasiyana, I Love Lucy yomwe inayamba mu 1951 anaijambula pa filimu ya 35mm nchifukwa chake imaoneka bwino ngakhale pasikilini yaikulu, koma ambiri omwe anajambulidwa pa tepi ya vidiyo ali ndi mizere 480 kapena 576 basi, amenewo chepetsani chithunzi ndi zoom ya lens kapena bwezani mpando kumbuyo.

Mawu a mafilimu akale ambiri ndi mono, a njira imodzi osagawika kumanzere ndi kumanja. Kasipika ka mu pulojekita kali kumbuyo kwanu pomwe pakamwa pa wolankhula pali kutsogolo, sizimveka bwino. Ikani sipika pansi pa sikilini pakati penipeni, kapena awiri m'mbali mofanana, nkuthimitsa virtual surround chifukwa imamwaza mawu a anthu mchipinda monse. Bluetooth nthawi zina imachedwetsa mawu, pakamwa kuyamba mawu kubwera pambuyo, bola chingwe.

Ngati yanu ndi ya babu, mukamaliza thimitsani ndi rimoti mudikire fani isiye yokha musanazule pulagi, ndipo fyuluta muziichotsa fumbi. Chipinda chikakhala chamdima bwino ikani pa Eco, babu limakhalitsa, zakuda zimada kwambiri, fani nayo imachepa phokoso moti munthu akamanong'ona mufilimu mumamva osakweza voliyumu.