Kusikana chojambula cha inki kapena pensulo popanda zinyalala

Musanagoneke pepala pa sikana, dikirani inki iumiretu, sasani zinyenyeswa za labala, ndipo pukutani galasi ndi kansalu kofewa. Kafumbi kalikonse kamatuluka ngati dontho lakuda.

Chojambula cha inki chisikaneni pa 600 dpi (kuchuluka kwa timadontho pa inchi iliyonse), mu Grayscale, yomwe imasunga zoyera, zakuda ndi zotuwa zonse zapakati. Black and White ayi, chifukwa makinawo amadula timizere topyapyala ndipo m'mphepete mwa mizere mumakhala manomano. Pensulo imakwanira pa 300 dpi. Zimitsani Auto Contrast ndi Sharpen, kukonzako mukachite nokha pa kompyuta. Sungani chithunzicho mu mtundu wa fayilo wa TIFF kapena PNG, poti JPEG imadetsa m'mbali mwa mizere.

Pepala likakhala lopyapyala, kuseri kuli zolemba, ikani pepala lakuda pamwamba pake, kenako tsindirani ndi buku kuti lisatukuke.

Mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP kapena Krita tsegulani Levels, chida chosinthira kuwala ndi kuda kwa chithunzi. Kokerani chizindikiro choyera kumanzere mpaka pepala liyere, chakuda kumanja pang'ono chabe. Pa pensulo muzichita mwapang'onopang'ono, mithunzi yofewa sichedwa kufufutika. Ngati munayamba ndi pensulo yabuluu musanathire inki, sikanani mu Color n'kutenga Blue channel (gawo la buluu la chithunzicho) yokha, buluuyo amazimirira. Popaka mitundu, layer (gawo losanjikiza la chithunzi) ya mizere ikhale pamwamba, pa Multiply, kuti poyera pazionekera mitundu ya pansi.