Kucheza ndi amayi amene akudwala matenda oiwalaiwala

Mwafunsa kuti muzicheza nawo bwanji amayi anu, poti masiku ano akuiwala ngakhale dzina lanu. Matenda oiwalaiwalawa, amene madokotala amawatcha dementia, makamaka a mtundu wa Alzheimer, amayamba kufufuta zadzulodzuloli, pomwe zakale zimakhalitsa. Yambirani pa zakalezo.

Choyamba sankhani nthawi. M'mawa akamwa phala ndiye bwino, chifukwa dzuwa likapendeka ambiri amasokonezeka kwambiri. Zimitsani wailesi, khalani moyang'anana nawo, mudzitchule nokha: "Amayi, ndine mwana wanu wachisamba." Osawafunsa kuti "Mwandizindikira?" Amenewo ndi mayeso, ndipo amangowachititsa manyazi.

Kenako apatseni chogwira m'manja: lichero la nyemba zoti asankhe, mtedza woti aswe, kapena chitenje chawo chakale cha kumpingo. Ntchito imene anaigwira moyo wawo wonse manja saiiwala msanga. Timiyala tikatsalira m'nyembamo musawadzudzule, mudzasankhanso nokha iwo akagona.

Ali mkati mogwira, yambitsani nyimbo ya kutchalitchi kapena ya pamtondo. Imbani mzere woyamba n'kusiya. Kawirikawiri amapitiriza okha.

Povuta ndi apa. Akanena kuti akudikira bambo anu amene anamwalira kalekale, musawatsutse, mungawaliritse maliro kachiwiri. Afunseni kuti anakumana kuti, chinkhoswe chinayenda bwanji. Akabwereza nkhani yomweyo, imveni ngati yatsopano.

Akayamba kuyang'ana kumbali kapena kukwiya, lekani, mudzapitiriza mawa. Koma akasokonezeka mwadzidzidzi kuposa masiku onse, pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Mwina ndi malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo.