Kukonza malo a mwana wakhanda m'nyumba ya zipinda ziwiri

Mabanja ambiri amene akuyembekezera mwana woyamba ku Kapata, Mchini kapena Navutika muno mu Chipata amakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo ena amadandaula kuti alibe chipinda chapadera cha mwana ngati chimene amaona pa Facebook. Nkhawa imeneyo ndi yosafunika, chifukwa a zaumoyo amalangiza kuti khanda lizigona m'chipinda chimodzi ndi amayi ake kwa miyezi 6 yoyamba, koma pa malo akeake. Ntchito yeniyeni ndi kupatula ngodya imodzi ya chipinda chogona ndi kuikonza bwino, ndipo ndi nzeru kuyamba mimba ikafika miyezi 7, mayi akadali ndi mphamvu zoyendayenda.

Ngodyayo ikhale pafupi ndi bedi la amayi, moti usiku azitha kutambasula dzanja ndi kumukhudza mwana popanda kudzuka. Isakhale pansi pa zenera, pakuti mphepo ya June ndi July imalowera pamenepo, ndipo mu October dzuwa limatenthetsa kwambiri khoma loyang'ana kumadzulo. Yang'ananinso kudenga ngati malata ali ndi zibowo, poti kudontha kumaonekera mvula ikayamba mu November, nthawi imene kusuntha katundu kumavuta. Ngati mukufuna kupaka penti, teroni kukadali masabata angapo kuti fungo lithe.

Pogona pa mwana ndi pamene pakufunika chisamaliro chachikulu. Mukamapangitsa kabedi kwa kalipentala, muuzeni kuti mipata ya pakati pa timatabwa ta m'mbali isapitirire masentimita 6, kuti mutu wa mwana usalowemo, ndipo akhwimitse misomali yonse. Matilesi akhale olimba, osabonyoka, ndiponso odzaza kabedi konse osasiya mpata m'mphepete. Pamwamba pake yalani nsalu imodzi yokokedwa bwino, basi. Pilo, zidole ndi mabulangeti ochindikala amakongoletsa kabedi, koma akhoza kuphimba mphuno za mwana amene sanayambe kutembenuza mutu yekha. Mwana azigona chagada nthawi zonse, usana ndi usiku. Pa mfundo iyi mwina agogo kapena apongozi adzatsutsa, akumanena kuti mwana wogona chagada amatsamwa akabwezera mkaka, ndipo mawu awo amachokera m'chikondi. Afotokozereni mwaulemu kuti kugona chafufumimba ndi kumene kumawonjezera ngozi ya imfa yadzidzidzi ya makanda ali mtulo, ndipo ngati kukuvutani kuwayankha nokha, pitani nawo limodzi ku sikelo akamve kwa anamwino. Banja losowa ndalama ya kabedi likhoza kugwiritsa ntchito dengu lalikulu lolimba, losalala pansi, loikidwa pamalo poti silingagwe.

Kuno kummawa malungo ndi ofala, choncho neti yonyikidwa m'mankhwala ndi gawo la pogona pa mwana monga momwe alili matilesi. Amayi apakati amalandira neti ku sikelo, ndipo iyenera kumangidwa mwana asanabadwe, kuti muone ngati ikuphimba bedi la amayi ndi kabedi komwe, kapena ngati pakufunika yachiwiri. Ipisireni kunsi kwa matilesi mbali zonse ndipo isalendewere pafupi ndi nkhope ya mwana. Neti imagwira moto msanga, motero magetsi akazima musayatse kandulo kapena koloboyi pafupi nayo. Nyale ya sola yoikidwa pamalo amodzi odziwika ndi yabwino kwambiri poyamwitsa usiku.

Nyengo yozizira imabweretsa chiyeso cholowetsa mbaula m'chipinda kuti mwana afundidwe. Musatero ngakhale kwa kanthawi kochepa, chifukwa makala oyaka amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo umapha anthu ali mtulo m'chipinda chotseka. Mwana muvekeni chovala chimodzi chowonjezera pa zimene inu mwavala, ndipo kuti mudziwe ngati wafundidwa, gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, osati manja, amene amazizira ngakhale mwana ali bwinobwino. Osuta fodya azisutira kunja.

Zovala za mwana wongobadwa kumene musagule zambiri, popeza pofika miyezi 5 makanda ambiri amakhala atalemera kuwirikiza kawiri sikelo yawo yobadwa nayo. Salaula wa ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market ndi wokwanira, bola muchape chovala chilichonse ndi sopo wosanunkhira kwambiri. Yanikani pa chingwe padzuwa, osati pa udzu kapena pansi, ndipo sitani ndi nsimbi yotentha mkati ndi kunja, makamaka m'misoko. Chifukwa chake ndi ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, mazirawo n'kuswa mphutsi zolowa m'khungu la mwana ndi kutupitsa ngati chithupsa. Kutentha kwa nsimbi kumapha mazirawo, ndipo zimenezi zikukhudzanso matewera a nsalu ndi zitenje zoberekera.

Posanja zinthu, ganizirani za mayi wotopa amene wadzuka pakati pa usiku, mwinanso ali ndi bala la opaleshoni. Matewera, thonje, mafuta odzola ndi zovala zosinthira zikhale pa shelefu yofika m'chiuno kuti asamawerame, pomwe zovala zazikulu zodikira miyezi ya mtsogolo zikhoza kukhala m'sutikesi kunsi kwa bedi. Khanda limasinthidwa thewera kasanu ndi katatu kapena kuposerapo pa tsiku, choncho pepala la pulasitiki loyalapo chitenje likhale pafupi, pamodzi ndi ndowa yokhala ndi chivundikiro. Ngati m'nyumba muli mwana wina woyamba kuyenda, ndowa ya madzi isakhale pofikira iye, pakuti mwana wamng'ono amamira ngakhale m'madzi ochepa.

M'masiku a chikuta alendo amakhala ochepa, komabe ikani beseni, jagi ya madzi ndi sopo pakhomo la chipinda kuti aliyense asambe m'manja asananyamule mwana. Mchombo umagwa wokha pakatha sabata imodzi kapena awiri. Usungeni wouma, pindani thewera kunsi kwake, ndipo musapakepo chilichonse kupatula chimene akupatsani kuchipatala.

Pomaliza khomani msomali pafupi ndi chitseko ndi kupachikapo kachikwama kosungira khadi la ku sikelo, lokulungidwa m'pulasitiki kuti lisanyowe. Khadilo lidzafunika pa katemera wa masabata 6, 10 ndi 14, ndiponso wa chikuku pa miyezi 9 ndi 18. M'kachikwamamo muikenso choyezera kutentha kwa thupi, ndalama pang'ono ya ulendo ndi nambala ya woyendetsa galimoto amene angabwere usiku, chifukwa khanda likatentha thupi kufika madigiri 37.5, likakana kuyamwa kapena likamapuma mobanika, liyenera kupita msanga ku kiliniki yapafupi kapena ku Chipata Central Hospital osadikira kuti kuche.