Momwe mungapezere laisensi ya kawailesi kakang'ono ku America

Ku America kuli timanyumba ta wailesi tina amatitchula kuti LPFM (Low Power FM, kutanthauza FM ya mphamvu yochepa), mphamvu yake siipyola ma watt 100 ndipo timamveka makilomita 5 kapena 6 basi kuchokera pa mlongoti. FCC, bungwe la boma loyang'anira mawailesi, inayamba kupereka malaisensiwa mu 2000 koma mawailesi akuluakulu anadandaula kuti tianati tiziwasokoneza, ndiye Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, inaika lamulo loti wailesi yaikulu ikakhala pa 95.1 FM inu ngakhale pa 95.7 simungakhalepo. M'mizinda malo anatheratu. Anadzafewetsa ndi lamulo la Local Community Radio Act lomwe Pulezidenti Obama anasaina mu Januwale 2011, mpata nkupezeka.

Poyambira ndi bungwe. Munthu payekha sapatsidwa, pamafunika tchalitchi, sukulu kapena gulu lolembetsedwa losachita phindu, ndipo ofesi yanu ikhale mkati mwa mamailosi 10 kuchokera pa mlongoti (20 ngati muli kutali ndi mizinda ikuluikulu), apo ayi 75% ya akomiti azikhala mkati mwa mtunda womwewo. Komitiyo muiyang'anitsitse bwinobwino, osakhala nzika za America asapyole 20%, komanso ngati mulimo wina amene anaulutsapo mozemba opanda laisensi ndiye iwalani, pa fomu amafunsa ndithu.

Kenako sakani frequency (nambala yomwe wailesi imamvekerapo, monga 95.1) yopanda mwini. Apa ine ndingati lipirani injiniya, musadzipange odziwa, kungolakwitsa manambala a pomwe pali mlongoti fomu yonse amaitaya.

Chowawa ndi kudikira. FCC silandira mafomu tsiku lililonse, inatsegula mu 2013 kenako mpaka Disembala 2023, tangoganizani zaka 10! Ndiye mapepala azikhala okonzeka kale. Akatsegula mumalemba Form 2100 Schedule 318 pa intaneti, yaulere. Mukalimbirana frequency imodzi ndi ena amawerenga mapointi, monga ngati bungwe lakhala m'deralo zaka 2, ngati mwalonjeza maola 8 patsiku a mapologalamu opangidwa konko, ndi situdiyo yokhala ndi munthu maola 20 pasabata.

Mukapambana amakupatsani miyezi 36 yomangira. Gulani transimita yovomerezeka ndi FCC, osati zotchipa zapa intanetizi, ndi kamakina ka EAS kolandira machenjezo a ngozi. Mukayamba muziulutsa maola osachepera 36 pasabata, ndipo kutsatsa malonda nkoletsedwa, wasitolo akakuthandizani mumangomuthokoza potchula dzina ndi komwe ali, mitengo ayi.